Buku Langa Lili mu Mtolo wa a Ezron

Lolemba, 12 Juni

Iwe amene ukuwelenga izi, ngati ufuna kuseka seka pano pomwe tithane nazo. Ndine Wilbroad Mwale wa kwa Chikomeni, wokonza njinga kuseli kwa msika pa boma, munthu wa imvi, ndipo ndimawelenga mabuku a chikondi. Osati achikondi cha pa foni ayi. Akalekale, a nthawi ya ngolo za mahachi ndi zombo zoyenda ndi mphepo, pamene mwamuna akangogwila dzanja la mkazi tauni yonse inkagona ikukamba. Waseka? Chabwino. Tsopano undiuze buku limene iwe wamaliza chaka chino.

Andigoneka m'chipatala lelo. Chala chachikulu cha phazi lamanja chinayamba ndi kabala ka sipoko ya njinga, tsopano chada ndipo chikununkha. Shuga 24. Dokotala anafunsa chimene ndinachedwela, ndinati njinga za anthu sizidikila. Sanaseke. Dilipi ya mankhwala a bala, jekeseni wa insulini m'mawa ndi madzulo, kutsuka bala tsiku lililonse.

Sista Lorraine, nesi wa wodi yathu, anafunsa dzina la wondidikila. Ndinati palibe. Mkazi wanga anatsogola kale, mwana wanga Kenan ali ku Lusaka.

Lachiwili, 13 Juni

Kukuzizila. Bulangeti ndi limodzi.

Kumanzele kwanga kuli a Ezron, mdala wolima fodya wa kwa Kapichila. Mtima wawo unakula, miyendo yatupa ngati matumba a feteleza. Akazi awo, a NyaGondwe, amagona ku msasa wa odikila odwala, ndiko amaphikila. Kumanja kuli a Steward, amene anali mkulu wa sukulu asanapume ntchito. Wodi yonse imati aHedi. Ali ndi chibayo koma chikutsika, ndipo pakamwa pawo sipadwala.

Nthawi ya alendo ikakwana bedi lililonse limazungulilidwa ndi madengu ndi mafulasiki. Langa limakhala ngati munda wa masiye. Ndiye ndimatsegula buku.

Bukuli ndinalitola pa mulu wa salaula, pakati pa zovala zakale zogulitsa, lilibe chikuto, lilibe masamba oyamba. Dzina lake sindilidziwa, wolemba sindimudziwa. Ndinalimata ndekha ndi pulasitiki wakuda ndi guluu wa machubu kuti gilisi asalidye. Ndi lachingelezi. Sukulu ndinalekela giledi folo, chingelezi ndinachitola ndekha m'timabuku ta zitsulo za njinga ndi dikishonale yong'ambika. Palibe anandipatsa, choncho palibe angandiuze chochita nacho.

AHedi anapempha kuliona. Anawelenga theka la tsamba, nalibweza ndi zala ziwili.

"Awa ndi maswiti, a Mwale. Munthu wa shuga ayenela kudziwa."

Ndinaloza chibuku chawo chonenepa cha pa lokala, kakabati ka pambali pa bedi. "Nanga anuwo n'chiyani, aHedi? Kwinini?"

Anati inde, ndipo kwinini ndi amene amachilitsa. Shuga 19.

Lachinayi, 15 Juni

Kutsuka bala kumawawa kuposa balalo. Amachotsa mnofu wakufa ndi kampeni. Ndinatukwana, kenako ndinapepesa kwa Sista. Anati amva zoposa pamenepo kwa madikoni.

Dzulo masana, odikila atatuluka kukaphika, ndinaseka ndekha ndili m'buku. A Ezron anatembenuza mutu nafunsa chikundiseketsa. Ndinawauza pang'ono kuti andisiye. Sanandisiye. Tsopano ndayambilanso pachiyambi, ndikuwelenga ndime m'mtima kenako n'kuwakambila m'Chinyanja, pena m'Chitumbuka changa chopindika. Ndikapuma amati, "Lutizgani, adada," kutanthauza kuti ndipitilize.

Nkhani yake ndi ya mayi wamasiye amene ali ndi nyumba ya alendo pa doko. Mlamu wake afuna nyumbayo, ndiye akumukankhila kwa mdala wina wamalonda. Kenako pabwela kaputeni wa chombo wochokela ku nkhondo, dzanja limodzi louma, waukali, wosadziwa kunyengelela. Mayiyo amukana m'mawa, amukana madzulo, koma malaya ake amawasoka yekha osapatsa wantchito.

Maina achizungu a Ezron anawakana. Mayiyo anamutcha NyaMvula. Anati ali mnyamata kunali NyaMvula wina kwa Mphamba amene anawakana chimodzimodzi, akuyang'ana kumbali koma akuwakazingila nshawa.

Lachisanu, 16 Juni

Shuga 15. Kenan anaimba. Akuti kuntchito samulola, ayesa kumapeto kwa mwezi. Ndinati asavutike. Ndinanena mokalipa, iye anamva ngati ndikunena zoona.

Lelo a Ezron anatsala pang'ono kugwa pa bedi atamva kuti m'dziko la m'bukumo abale a mkazi ndi amene amapeleka chuma kwa mwamuna. Anafunsa kawili ngati ndawelenga bwino. Anati akanabadwila kumeneko ng'ombe za atate awo zikanakhalapo mpaka lelo. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwila, Sista anabwela kudzatidzudzula tonse awili.

AHedi anati mabuku otelewa amanamiza mbili. Nthawi imeneyo anthu ankafa ndi chifuwa ali ana, misewu inali matope, ndipo zombo zokongolazo zina zinkanyamula anthu omangidwa unyolo. Ndinawayankha kuti zimenezo ndikuzidziwa, sindine mwana. Koma ngakhale m'matopemo anthu ankafunana, apo ayi ife tikanachokela kuti? Anati funso limenelo silinayankhe lawo. Mwina n'zoona. Sindinawauze.

Loweluka, 17 Juni

Andigwila. M'mawa a Ezron anali mtulo, ine n'kutsegula kutsogolo pang'ono kuti ndione ngati mlamu uja apeza makiyi a nyumba ija. Nditakweza maso ndinapeza akundiyang'ana.

"Mukunibila," anatelo, kunena kuti ndikuwabela. Anati munthu amene mukudya naye mbale imodzi sayamba ndiwo mnzake atapita kukasamba m'manja.

Ndinati bukulo ndi langa. Anati buku ndi langa koma NyaMvula ndi wawo. Anatambasula dzanja lotupa lija, ine n'kuwapatsa. Aliika pansi pa pilo wawo. Lamulo tsopano ndi lakuti limatuluka masana pokhapokha onse awili tili maso, tikamaliza limabwelela kwawo.

Sindikumbuka tsiku lina limene munthu anandilanda chinthu ine n'kukondwa.

Sondo, 18 Juni

Anabwela amayi a mpingo kudzaimba. Anapemphelela bedi lililonse, langa lomwe. Mmodzi anaona buku lakuda likusuzumila pansi pa pilo wa a Ezron nati, "Adada awa sasiyana ndi Mawu." A Ezron anatseka maso ngati munthu woyela mtima. Ine ndinaluma bulangeti.

Popeza m'mawa ndi madzulo manja anga alibe chogwila, ndabweleka chibuku cha aHedi. Akuti ndi limodzi la mabuku amene dziko lonse linavomeleza kuti ndi akulu, ophunzitsidwa m'makoleji. Zilembo zake ndi nyelele.

Lolemba, 19 Juni

Ndiyankhule chilungamo pa buku la aHedi. Wolembayo amadziwa ntchito yake, ngati munthu woluka wilo la njinga losapotoka. Ndi nkhani ya mdala wa chigayo cha madzi, mtsinje ukuphwa chaka ndi chaka, ana ake anapita ku tauni. Masamba ambili mdalayo amangokhala akumvetsela ngati kukubwela ngolo. Pali pamene akuyala mbale ziwili patebulo, kenako n'kubweza imodzi m'kabati mwakachetechete ngati pali amene angamuone.

Ndinatseka pamenepo.

AHedi anafunsa ngati chingelezi chandikulila. Ndinati ayi, buku lawo likunena zoona, ndiye vuto lake. Munthu ali m'dzenje safuna womufotokozela bwinobwino mmene dzenjelo lilili. Anati koma buku lotelo limakuuza kuti si iwe woyamba kugwelamo, ndipo kumeneko ndi kucheza kwenikweni. Tinakangana mpaka phala la madzulo. Palibe anagonja.

Kusiyana kwake ndakuona motele. Buku la aHedi limakhala pambali pako ngati munthu wobwela pa malilo. Langa limakugwila dzanja n'kunena kuti tiye, kutsogoloku kuli ukwati. Onse awili ndi anthu abwino. Koma ine malilo anga sanafike.

Lachiwili, 20 Juni

Zilembo zikusambila, makamaka diso lamanzele. Ndinaganiza kuti ndi nyelele za aHedi, koma ndi m'buku langa momwe. Dokotala anaunika ndi tochi nati shuga wafika ku mitsempha ya m'maso, ikudontha magazi mkati. Pano alibe makina ake, ndi za ku Chipata. Ndinafunsa ngati ndidzawelengabe. Anati tiyambe ndi phazi.

Chala sichipulumuka. Achidula Lachinayi.

Lachitatu, 21 Juni

Osadya kuyambila madzulo. Asintha insulini chifukwa cha mawa. Ndinasaina pepala ndekha, pa malo a wachibale panatsala poyela.

A Ezron lelo akupuma movutika, awaikila mpweya wa m'botolo. Ndinati tipume, anakana ndi dzanja. Ndinawelenga ndi diso limodzi, lina nditatseka ndi chikhatho. Tafika poipa. Mlamu wauza kaputeni kuti NyaMvula wavomela mdala wamalonda, kaputeni wakwela chombo chake, ndipo NyaMvula amukweza m'ngolo akuganiza kuti apita kwa mng'ono wake wodwala pamene akumupeleka ku tchalitchi. Masamba otsala ndi ochepa, kuonda kwake ngati chala cha kanthiti.

A Ezron anachotsa chopumila kukamwa. "Kasi wamutola?" Ankafunsa ngati kaputeni adzamukwatila.

Ndinati sindidziwa, si ndinu munandiletsa kuba? Ndinawauza kuti timalize lelo lomwe. Anati ayi, nkhani yabwino saimaliza munthu ali ndi njala ndi mantha, ndikabwele kaye kodula chala tidzadye bwino. Analibweza pansi pa pilo.

Lachisanu, 23 Juni

Chala chapita. Phazi likuwawa ngati chilipo.

A Ezron apita.

Loweluka, 24 Juni

Dzulo sindinathe kulemba zambili. Ananditenga Lachinayi m'mawa, ndinabwela dzuwa litapendeka, mutu uli zii ndi mankhwala. Ndinaona bedi la kumanzele lili mbee, matilesi okhaokha akununkha mankhwala opukutila. Ndinaganiza kuti awasamutsa. AHedi ndi amene anandiuza kuti mtima wa a Ezron unaima masana, mwakachetechete, a NyaGondwe akuwapukuta kumaso.

Lelo ndinafunsa za buku. Sista Lorraine anati abale anachita monga amachitila onse: chilichonse chimene chinali pa bedi ndi mu lokala anachikulunga m'chitenje, kapu, jekete, chipewa, pilo wawo wa kunyumba ndi za pansi pake, n'kumanga mfundo. Ndinakalipila aHedi kuti iwo anali ndi maso, analekelanji.

"Munafuna ndiimitse mayi akulila mwamuna wake, ndimuuze kuti pepani, m'katundumo muli kaputeni wa a Mwale?"

Ndinatembenukila ku bedi lopanda munthu.

Lolemba, 26 Juni

Shuga 11. Bala ndi loyela, akutelo. Andiphunzitsa kuyenda ndi ndodo mpaka pakhomo.

Pa bedi la a Ezron aikapo munthu wa ngozi ya njinga yamoto. Ali ndi abale ambili ndi wailesi.

AHedi anayesa kundisangalatsa. Anati ndisadandaule, mabuku amenewa onse amathela pamodzi: ngolo idzagubuduka kapena chombo chidzabwelela, mlamu adzachita manyazi, awiliwo adzakwatilana. Anati angandilembele mathelo ake pa pepala la mankhwala osaliona n'komwe bukulo.

Ndinawauza kuti zimenezo ndikuzidziwa, a Ezron nawonso ankazidziwa. Munthu wopita kwawo amadziwa kumene njila ikuthela, koma sauza mnzake kuti poti ukudziwa, khala pompano pa siteshoni. Muno m'wodi palibe amene angakulonjeze mathelo. Dokotala amati tiona. Kenan amati ndiyesa. Buku lija lokha ndi limene linalonjeza, ndipo linali pafupi kukwanilitsa.

Sanatsutse. Sanavomelenso.

Lachitatu, 28 Juni

AHedi atuluka. Mwana wawo wamkazi anabwela ndi galimoto. Andisiyila chibuku chawo, akuti ndidzabwelele kwa mdala wa chigayo ndikadzachila, pakuti ndinamusiya asananene chimene ali nacho. Anandigwila dzanja nthawi yaitali. Munthu wovuta. Madzulo ano ndinapeza mawu abwino owayankhila za zombo zija, ndinatembenuka, pa bedi pali wina.

Diso lamanzele tsopano likuona utsi wokhawokha. Kulemba ndikulemba zilembo zazikulu ngati mwana wa giledi wanu.

Lachisanu, 30 Juni

A NyaGondwe anabwela. Anadzatenga pepala ku ofesi ya chipatala, n'kulowa kudzandiona, ali ndi duku lakuda, atanyamula nshawa zokazinga m'kapulasitiki. Mlendo wanga woyamba chigonekeleni. Anakhala pansi pa simenti, ndinawapempha akhale pa mpando, anakana.

Tinapepesana. Kenako anayamba kundithokoza. Anati iwo sadziwa kuwelenga, koma ankaona kuti akabwela ndi chakudya amapeza amuna awo nkhope ili yowala, ndipo amayi a mpingo anawauza kuti ndi Mawu amene ndinkawawelengela. Anati buku lopatulikalo lili mu mtolo pamodzi ndi zovala, ndipo tsiku logawa katundu adzapempha kuti lipite kwa mdzukulu wawo amene akuphunzila za ubusa.

Ndinafunsa tsikulo ndi liti. Anati mtolo wa malemu samasula mpaka abale onse akhale pansi, ndipo wamkulu wa banja, asibweni awo a anawo, ndiye kuti amalume, ali ku Kitwe. Anabwela pa malilo n'kubwelela, adzabwelanso akagulitsa chimanga kuno, mwina Seputembala.

Munthu wanzelu akanayamba ndi kuthokoza nshawa. Ine ndinangoti, "Amama, si Baibulo limenelo. Ndi buku langa, ndipo ndi nkhani ya chikondi."

Anandiyang'ana osaphethila. Ndiye ndinafotokoza zonse, doko, mlamu, kaputeni, kuti a Ezron ndi amene analilanda kuti ndisawatsogolele, kuti ankaseka mpaka kutsamwa. Pakamwa pakayamba kutsetseleka sipakhala mabuleki. Ndinanenanso kuti mayi wa m'nkhaniyo anamutcha NyaMvula.

Anasalaza chitenje pa bondo.

"Nkhamumanyanga," anatelo. Ankanena kuti NyaMvula weniweniyo ankamudziwa. Anawonjeza kuti anamwalila kalekale, chaka cha njala.

Ndinati ndikupita ku Chipata, maso akutha, Seputembala kwa ine ndi kutali. Ndinapempha kuti angolowetsa dzanja m'mtolomo osamasula mfundo. Anati chimene munthu wafela atatsamila ndi chake mpaka abale anene, ndipo iwo sangayambe kusolola zinthu anthu n'kumadzati wamasiye anabisa katundu. Ndinakweza mawu. Wa njinga yamoto anazimitsa wailesi. A NyaGondwe anaimilila, anati "Yewo, adada," n'kutuluka. Nshawa anazisiya.

Loweluka, 1 Julayi

Shuga 13. Sindinadye bwino.

Za NyaMvula sindikanawauza. Zinazo ndikananenabe.

Sondo, 2 Julayi

Kenan anaimba. Mwezi watha, sanabwele, akuti tikakumane ku Chipata. Nditamuuza za buku anati ku Lusaka mabuku otelo ali mulu pa msewu, andigulila asanu, ndingomuuza dzina. Ndinati dzina lake palibe. Anati ndiye lililonse, si amafanana? Ndinadula foni.

Amayi a mpingo anabwelanso. Ndinafunsa ngati pali wa kwa Kapichila, panalibe. Anaimba bwino.

Lolemba, 3 Julayi

Mawa ambulasi ya ku Chipata. Sista Lorraine wandipatsa kalata ya dokotala wa maso, insulini wa panjila ndi bandeji yosinthila. Akuti kumeneko amawotcha mitsempha ndi kuwala kuti isadonthenso. Lamanzele sayembekeza zambili. Lamanja akuti mwina. Ndinafunsa kuti mwina wake ndi wa miyezi ingati, anati funso limenelo ndikafunse kumeneko.

Kope ili sindipita nalo. Ndalisiya kwa Sista kuti apatse munthu woyamba wa kwa Kapichila amene agonekedwe kapena kudzaona wodwala muno. Ndiye ngati wafika nalo pano, ndiwe amene ndikulankhula nawe, ndipo waseka kale zokwanila.

Pita kwa a NyaGondwe, amasiye a a Ezron olima fodya. Usawakalipile, kukalipa ndinakalipa kale ine ndipo sikunathandize. Uwauze kuti mwambo wawo sindikuunyoza, kwathu kwa Chikomeni timamanganso mtolo. Koma mtolo ndi wa katundu wa wakufa. Jekete ndi lawo, chipewa ndi chawo, kapu ndi yawo. Buku lakuda lomata ndi guluu wa machubu ndi la munthu amene akupumabe, anangolisungitsa. Ngati amaopa pakamwa pa anthu, aitane akulu awili a mpingo aone ndi maso awo likutuluka, kuti pasadzakhale wonena kuti wamasiye anabisa kanthu. Ngati mfundo singakhudzidwe popanda asibweni a ku Kitwe, foni ali nayo. Muwaimbile, anene mawu amodzi. Chimanga chawo chingadikile Seputembala, diso langa silingadikile. Ndipo mupulumutse mwana wa ubusa uja, asadzalitsegule pa guwa.

Likatuluka mulipatse kondakitala wa basi ya m'mawa, mulembe pamwamba kuti Wilbroad Mwale, wodi ya amuna, Chipata. Mukachedwa n'kupeza kuti lamanja nalo lazima, musabwelele nalo. Mukhale pa mpando, mutsegule pamene pali kachidutswa ka bandeji, muwelenge mokweza kuyambila pamene ngolo ikunyamuka. Osadumpha, osandiuzilatu.

Ine sindinafe. Tulutsani buku langa m'malilo.